Foni ya ku America pansi pa tawa ya ku Katete

Mnzathu wina amene amagwila nchito m'kabuthi ka mobile money ku Mtendere anasunga ndalama miyezi isanu kuti agule foni yabwino. Tsiku litakwana anakwela basi kupita m'tauni, ndipo anaipeza: yonyezimila, skilini yaikulu, makamela atatu kumbuyo. Wogulitsa anailumikiza ku Wi-Fi ya m'shopu, anatsegula TikTok, mavidiyo n'kumayenda osaima-ima. "Iyi ni ex-UK, ba sisi, original. Mukapeza vuto mubwele cabe." Anatulutsa K3,800 n'kupita. Mu Lusaka foniyo inali kuonetsa 4G pena, pena H+, koma sanadandaule, pakuti ndani wa ife amene sanazolowele zimenezo? Mu August anapita kumudzi ku Katete kukaona Kulamba, ndipo kumeneko foni inakhala pa kalembo E masiku onse anai. Mng'ono wake wa giledi 9, na ka itel kake kosweka skilini, anali kutumiza mavidiyo a gule pa WhatsApp ataimilila pa khonde limodzimodzi, na SIM ya kampani imodzimodzi.

Atabwelela ku shopu anauzidwa kuti, "Iyo ni netiweki, ba sisi. Kumudzi kuja ilibe mphamvu. Foni ili cabe bwino." Pamwamba pa kauntala panali cipepala colembedwa na maka yofiila kuti No return, no refund. Mnyamata wina wokonza mafoni ndiye anadzamuuza zoona atangoona nambala ya modelo. Foniyo sinapondeko ku UK. Inapangidwila kampani ina ya netiweki ya ku America, ndipo siinali kumva mafunde amene tawa ya kwao inali kutumizilapo 4G.

Ife tatopa kumva kuti vuto ni netiweki. Makampani a netiweki ali na milandu yao, ndipo tsiku lina tidzawakhalila pansi pa nkhani ya mabando amene amatha munthu asanayambe n'komwe kuwadya. Koma lelo mlandu uli kwina. M'makomboni muno muli anthu onyamula mafoni amene sangagwile bwino m'Zambia olo netiweki itakhala yamphamvu bwanji, ndipo amene anawagulitsa anakhala cete. Kaya wogulitsa anadziwa n'kubisa, kaya sanadziwe cimene anali kugulitsa, amene waluza ni wogula yekha.

Aliyense amene anakwelapo motoka yocokela ku Japan amaidziwa kale nkhani imeneyi, kungoti sitinaiganizilepo pa foni. Mulowa mu Corolla kapena mu Hiace imene yangofika kumene, muyatsa wailesi, mupeza manambala ayambila pa 76 n'kuthela pa 90. Radio Phoenix pa 89.5 mudzaimva, koma masiteshoni onse a pamwamba pa 90 kuli zii. Masiteshoniwo sanatseke. Wailesiyo inapangidwila dziko limene FM yake inali pakati pa 76 na 90, pamene kuno timayambila pa 87.5 kukafika pa 108. Sitinamvepo dalaivala akutukwana siteshoni pa cifukwa cimeneci. Amapita kwa wa magetsi a motoka, amuikila ka expander, nkhani yatha.

Foni nayo ni wailesi, yotumiza na kulandila. Kuipa kwake n'kwakuti ilibe expander. Mafunde amene imatha kumva anasankhidwa ku fakitale, ali m'tuzitsulo twa mkati na mu eliyo yake. Ngati tuzitsulo tumeneto mulibe, ndiye kuti mulibe. Amene akuuzani kuti mubweletse K200 aiflashe kuti iyambe kugwila 4G akufuna cabe ya lanchi.

Tikati bandi tikukamba kagawo ka mafunde a m'mlengalenga kamene boma limapatsa kampani ya netiweki kuti izilankhulilapo na mafoni. Kuno amene amagawa ni a ZICTA. Bandi iliyonse ili na nambala yake, ndipo pa mapepala a foni imalembedwa kuti B3, B20, conco. Bungwe la ITU, limene limayang'anila za mafunde pa dziko lonse, linagawa dziko m'zigawo zitatu. Africa, Europe na Middle East tili pamodzi m'cigawo coyamba. Maiko a ku America ali m'caciwili, ndipo mbali yaikulu ya Asia pamodzi na Australia ali m'cacitatu. Ndiye cifukwa cake mabandi athu amafanana na a ku Europe. 2G yathu ili pa 900 na 1800 MHz, 3G kwenikweni pa 2100, ndipo pa 4G mabandi ofala m'cigawo cathu ni 3 ya pa 1800, 20 ya pa 800, 7 ya pa 2600, komanso 1, 8, 38 na 40. Ku United States 4G imayenda kwambili pa bandi 2, 4, 5, 12, 13, 66 na 71. Welengani manambalawo kawili muone ngati mupezapo yofanana.

Pa mabandi onsewa, imene imapweteka maningi ikasowa ni 20, ndipo ni imene ogulitsa saichula n'komwe. Mafunde a manambala ang'ono, monga 800 na 900, amapita kutali ndipo amaboola zipupa. A manambala akulu, monga 2600, amanyamula data yambili koma amafooka msanga, ndipo cipupa ca mabuloko cimawatopetsa. Mu Cairo Road matawa ali pafupi-pafupi, conco foni yopelewela mabandi imapezabe pogwila. Ndiye cifukwa cake m'shopu zonse zimaoneka bwino. Koma kumudzi tawa imodzi iyenela kufikila midzi yambili, ndipo pamenepo kampani imadalila mafunde opita kutali. N'cimodzimodzi m'cipinda ca lendi ca kumbuyo ku Kanyama kapena ku Chawama, kumene anthu amatulukila pa zenela kuti meseji ipite. Ambili a ife timati ni malata. Nthawi zina ni malata ndithu, koma mukaona foni ya mnzanu ikugwila pa bedi pomwepo, malata alibe mlandu.

Ndipo bandi imeneyi sinabwele ya mahala. Mafunde a pa 800 kale anali a TV yakale ija ya eliyo ya pa denga. Maiko a m'cigawo cathu anagwilizana ku Geneva mu 2006 kuti asamukile ku TV ya digito pofika pa 17 June 2015, ndipo malo amene TV yakale inasiya ndiwo anapatsidwa ku mafoni. Madekoda amene makolo athu anakakamizika kugula aja, mbali ina ya phindu lake inali imeneyi. Mu 2022 Airtel Zambia inalipila madola 29 miliyoni kuti ipatsidwe mafunde ena pa 800 na pa 2600. Ndalama zotelo kampani imazipeza kuti? Kwa ife, pa bando iliyonse imene timagula. Conco munthu wa foni yopanda bandi 20 akulipilila cinthu cimene foni yake singacifikile, ndipo mtengo wa bando sucepa cifukwa cakuti iye ali pa E.

Tikambe mwacilungamo, si foni iliyonse yakunja imene ili na vuto la mabandi. Mafoni odula, monga iPhone na Samsung za pamwamba, amabwela na mabandi ambili ngakhale atapangidwila ku America, pakuti amene amawagula amayenda maiko. Amene amatigwetsa ni ochipa aja amene makampani a netiweki a ku America amagulitsa pamodzi na laini yao, amene anapangidwa kuti agwile kwao basi. Enanso ni mafoni opangidwila msika wa mkati mwa China, amene ambili alibe bandi 20 cifukwa kumeneko saigwilitsila nchito, olo kuti dzina na maonekedwe n'zofanana na a kunja. Palinso a ku Japan, amene ena mwa iwo mumawadziwila pa kamela imene imalila mukajambula, olo mutaika pa silent pa malilo. Amenewo nawo amakhala na mabandi osankhidwa kuti agwilizane na kampani imodzi ya kwao.

Koma odula aja nawo ali na misampha yao. Woyamba ni loko. Foni imene munthu anatenga pa ngongole ku kampani ya netiweki ku America kapena ku UK ingakhale yotsekedwa kuti isalandile SIM ya kampani ina. Ena kuno amaika kapepala kopyapyala ka cip pansi pa SIM kuti ainamize, ndipo imagwila mpaka tsiku limene mudzacita update kapena kusintha laini. Pa iPhone cinthu cimeneci sicibisika. Lowani pa Settings, General, About, mutsike pa Carrier Lock. Ngati sipanalembedwe No SIM restrictions, bwezani ndalama m'thumba. Msampha waciwili ni wa malo a SIM. Kuyambila pa iPhone 14 ya mu 2022, ma iPhone ogulitsidwa ku United States alibe poika SIM, amagwila na eSIM cabe. Mukapeza ya ku America ya mtundu umenewo ili na kathileyi ka SIM, dziwani kuti wina anaitsegula n'kuiboola. Kwa ife amene timasintha ma SIM ngati malaya, lelo ya data yochipa, mawa ya mobile money, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Manje tiyeni tifike pa liu limene latidyela ndalama kuposa onse: ex-UK. Coseketsa n'cakuti foni yocokeladi ku UK ndiyo yotetezeka kwambili kuno, pakuti mabandi ao ni athu omwe. Ogulitsa amadziwa kuti liuli limatsegula zikwama, conco lasanduka dzina la foni iliyonse yogwilitsidwapo kale nchito, kaya yacokela ku Texas, ku Osaka kapena ku Shenzhen kudzela ku Dubai. Koma foni siidziwa kunama za kwao. Pa iPhone, nambala ya modelo imathela na zilembo za dziko: B/A ni UK, LL/A ni America, J/A ni Japan, CH/A ni China. Pa Samsung onani cilembo cothela. Mwacitsanzo Galaxy S21 ya SM-G991B ni ya maiko monga athu na Europe, ya SM-G991U ni ya ku America, ya SM-G991N ni ya ku Korea, ya SM-G9910 ni ya ku China. Zonse zinai pa shelefu zimachedwa S21, koma mkati si zofanana. Mukalemba nambala ya modelo pa Google mudzapeza mndandanda wa mabandi ake musanamalize n'kumwa madzi. Ndipo mukadinda *#06# mudzaona IMEI, imene iyenela kufanana na ya pa bokosi na ya pa lisiti.

Tikudziwa zimene ena akambe. Adzati anyamata a mu Katondo Street na a mu Town Centre nawo akusakila cabe, nchito kulibe, ndipo popanda mafoni a salaula amenewa ambili a ife tikanakhala tikali na tufoni twa mabatani. Zoona zimenezo, ndipo sitikufuna kuti malonda amenewa athe. Ena a ife tili na acibale amene amadyela pamenepo. Koma taonani wogulitsa salaula ku Soweto. Akakupatsani jini, mumaiyeza m'ciuno, mumaitembenuza, mumaona pong'ambika, ndipo mtengo umatsika malinga na cimene mwaona. Cilema ca foni yopanda bandi sicioneka na maso, ndipo sicionekela m'tauni. Cimadzaonekela ku Lundazi, ndalama zitapita kale. Munthu amene amadziwa kusiyanitsa skilini ya original na ya copy pongoigwila, amene amadziwa mtengo wa dola m'mawa uliwonse, sangatiuze kuti kuwelenga zilembo zinai za modelo kwamukanga. Ngati foni ilibe bandi 20, anene, acotseko mtengo, ndipo wogula amene sacoka mu Lusaka asankhe yekha. Kumeneko ndiye kugulitsa. Kulumikiza foni ku Wi-Fi kuti wogula asaone mmene imagwilila na SIM ni kumuphimba m'maso.

Nafenso ogula tisadziyeletse. Tikalowa m'shopu timafunsa ma GB, ma megapixel, na battery health. Ndani wa ife anafunsapo kuti ili na bandi 20? Timaseka mnzathu wa Tecno, timati ni foni ya amai a pa msika, pamene iye ali pa 4G ndipo ife tikupukusa foni m'mwamba ngati tikuitana basi. Tecno, itel na Infinix ni za kampani imodzi ya ku China yochedwa Transsion, imene inakulila pa kupangila msika wa Africa. Mungaitole zifukwa pa zina, koma mafoni ake amene amagulitsidwa kuno anapangidwa na matawa a kuno m'maganizo. Dalaivala wa Yango amene oda imamufika mocedwa, wophunzila amene akulimbana na kutumiza asainimenti isanakwane 23:59, mai amene akudikila meseji ya ndalama za feteleza, onsewa cithunzi ca apulo kumbuyo kwa foni sicingawathandize ngati foniyo ili pa loko, ndipo makamela atatu sangawathandize ngati foniyo siimva tawa. Ulemu wa pa tebulo la ku bala tikuugula modula kwambili.

Cipepala ca No return, no refund cija nacenso tisamaciope. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010 limaletsa mwini shopu kupacika cikwangwani cokana udindo wake kapena colanda wogula ufulu umene lamulo limamupatsa, ndipo limaletsanso kugulitsa katundu wosayenelela nchito imene wogula amagulila. Foni yogulitsidwa mu Lusaka imagulidwa kuti igwile pa netiweki ya m'Zambia, osati ya ku Chicago. A CCPC alipo kuti azilandila madandaulo otelo. Vuto n'lakuti ambili timacoka m'shopu opanda lisiti, kapena na kapepala kolembedwa cabe kuti "1 phone" na mtengo. Na kapepala kotelo mukakamba ciani?

Ndiye zimene tikufuna si zambili. Tikufuna kuti lisiti iliyonse ya foni, ya m'mall kapena ya pa kona, ikhale na nambala ya modelo na IMEI. Tikufuna kuti wogula aloledwe kuikamo SIM yake, Wi-Fi itazimitsidwa, aimbe foni, atsegule intaneti, ayesenso SIM ya kampani ina. Wogulitsa wokana zimenezi wayankha kale funso lanu. A ZICTA ali na mphamvu yovomeleza zipangizo za mauthenga zisanagulitsidwe m'dziko muno. Tikufuna mphamvu imeneyo izimveka mpaka pa tebulo la wogulitsa wamng'ono, ndipo iyambile kwa amene amalowetsa makatoni a mafoni m'dziko, osati kwa mnyamata wogwila atatu m'manja. Ndipo a MTN, a Airtel, a Zamtel na a Zed Mobile, inu mumatitumila mameseji tsiku lililonse otiuza za mabando atsopano na nyimbo za poimbila foni. Titumileni umodzi wokha wotiuza mabandi amene mumagwilitsila nchito, m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, kuti munthu aupite nao ku shopu. Inuyo ndinu amene mumatukwanidwa foni yolakwika ikakhala pa E, conco sitiona cimene mungaluze.

Tikukamba manje cifukwa kutsogoloku nkhaniyi ikula. MTN inayamba 5G kuno mu 2022, Airtel inatsatila mu 2023, ndipo 5G nayo ili na mabandi ake, olembedwa na kalembo n kutsogolo. Foni ingalembedwe 5G pa bokosi koma osaionetsapo olo tsiku limodzi m'Zambia. Komanso lelo foni yopelewela imapulumukila pa 3G na 2G, koma maiko ena ayamba kale kuzizimitsa. Makampani akulu a ku United States anatseka 3G mu 2022. Ku Australia atatseka yao mu 2024, mafoni ena ogulidwa kunja analeka kugwila cifukwa sanali kutha kuimba kudzela pa 4G, cimene amachula kuti VoLTE. Mafunde ni odula, ndipo palibe kampani imene idzasunga netiweki yakale mpaka kale-kale cifukwa ca ife. Tsiku limenelo likadzafika kuno, foni imene lelo imangocedwa pa intaneti idzakhala yomvelela nyimbo na kuunikila magetsi akapita.

Mnzathu wa ku Mtendere uja ndalama zake sanabwezeledwe. Lisiti analibe, ndipo ulendo wacitatu anapeza pa kauntala pali munthu wina amene anati samudziwa. Anagula Tecno ya mtengo wocepa, ndipo ku Katete imagwila bwino. Foni yonyezimila ija anaijambula bwino-bwino pa nsalu yoyela n'kuiika pa Facebook. Tinaiona positiyo. Analemba kuti: ex-UK, clean, no faults. Inagulidwa tsiku lomwelo na mnyamata wina amene anati akupita nayo ku koleji ku Chipata.